Matenda a Shuga: Kuwatulukira Msanga ndi Kuwatchingira Pakhomo

Pakati pa chaka cha 2013 ndi 2016, ofufuza a bungwe la MEIRU anayenda khomo ndi khomo ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe ndiponso m'midzi ya kumwera kwa boma la Karonga. Anayeza anthu akuluakulu pafupifupi 29,000: msinkhu, kulemera, kuthamanga kwa magazi, ndi shuga wa m'magazi munthu asanalawe kanthu m'mawa. Anthu 566 anapezeka ndi matenda a shuga, ndipo 233 mwa iwo nkhaniyo anali kuimva koyamba. Pa odwala 10 aliwonse, anayi sankadziwa kuti akudwala.

Kafukufuku yemweyo anapezanso china. Amayi 44 pa 100 aliwonse a m'tauni anali onenepa kupitirira muyezo wa msinkhu wawo, pamene kumudzi anali 27 pa 100. Abambo anali 18 pa 100 m'tauni ndi 9 pa 100 kumudzi. Ambiri mwa anthu amenewa shuga analibe, koma matendawa akamatola anthu pakapita zaka, amatola kwambiri m'gulu limeneli.

Pakati pa kukhala bwino ndi kudwala pamadutsa zaka zambiri. Thupi limakhala litayamba kale kupendekeka, mwini wake akulima, akugulitsa pamsika, akupita kuntchito osamva kanthu. Zaka zimenezo ndi zimene banja lingachitepo kanthu, ndipo zambiri zofunika kuchita zili kukhitchini ndi pamsewu, osati m'botolo la mankhwala.

Zimene zimachitika m'thupi

Nsima, mpunga, mbatata, chinangwa ndi buledi zikafika m'mimba zimagayidwa n'kusanduka shuga, amene amalowa m'magazi. Pamenepo palibe cholakwika, chifukwa shuga ameneyu ndiye mphamvu yolimira, yoyendera ndi yoganizira. Koma kuti achoke m'magazi n'kulowa m'minofu pamafunika insulini, amene amapangidwa ndi kapamba.

Insulini ali ngati mwana wotumidwa kukachita odi pakhomo. Thupi likakhala bwino, odi mmodzi wakwana: minofu yatsegula, shuga walowa. Mafuta akachuluka m'mimba ndi m'chiwindi, munthu n'kumakhalanso pansi tsiku lonse, eni nyumba aja amayamba kugontha. Mwana uja amayenera kukuwa kawiri, katatu, kakhumi. Kwa zaka ndithu kapamba amapirira, n'kumatulutsa insulini wochuluka, ndipo shuga amaoneka ngati ali m'malo mwake. Kenako mawu amasasa. Shuga amatsalira m'magazi n'kuyamba kuwononga timitsempha ta m'maso, ta mu impso ndi ta m'mapazi, komanso mitsempha ikuluikulu ya mtima ndi ya ubongo.

Umenewu ndi mtundu wachiwiri wa matenda a shuga, womwe umagwira odwala pafupifupi 9 pa 10 aliwonse. Mtundu woyamba ndi nkhani ina. Kawirikawiri umagwira ana ndi achinyamata, kapamba amalekeratu kupanga insulini, ndipo palibe chakudya kapena khalidwe limene lingaupewe. Mwana wotere sanadwale chifukwa chodya masiwiti, ndipo amafunika jakisoni wa insulini tsiku ndi tsiku.

Amene ayenera kukhala tcheru

Matenda a shuga a mtundu wachiwiri amayenda m'magazi a pabanja. Munthu amene bambo ake, mayi ake kapena m'bale wake wa bere limodzi ali ndi shuga, ayenera kudziwerengera m'gulu la oyamba kukayezetsa. N'chimodzimodzi aliyense amene wapitirira zaka 40, amene anauzidwa kuti ali ndi BP, ndi amene ntchito yake ndi yokhala pansi: telala pamakina, dalaivala wa minibasi, mlembi muofesi, mayi wogulitsa pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa.

Amayi ali ndi chenjezo lawolawo limene ambiri amaliona ngati chinthu chonyadira. Mwana akabadwa wolemera kupitirira makilogalamu 4, achibale amasangalala kuti wabadwa wojintcha. Koma nthawi zina mwana amakula chotero chifukwa shuga wa mayi anakwera ali woyembekezera. Shuga wa pamimba nthawi zambiri amatsika mayi akachira, koma amasiya chizindikiro chakuti kapamba wake ndi wosachedwa kutopa. Mayi wotere ayezetse pakatha milungu 6 mpaka 12 atachira, n'kumabwerezanso m'zaka zotsatira. Kuyamwitsa mwana nthawi yaitali kumamuthandizanso iye mwini.

Munthu wa shuga sachedwa kudwala chifuwa chachikulu cha TB, choncho amene wapezeka ndi TB ndi bwino ayezetsenso shuga. Ena amene akumwa ma ARV amanenepa kwambiri. Iwo asasiye mankhwala ngakhale tsiku limodzi, koma apemphe kuti aziwayeza shuga akapita kukatenga mankhwala. Mapiritsi monga prednisolone ndi dexamethasone, amene ena amangogula okha chifukwa cha mphumu, nyamakazi kapena pofuna kunenepa, amakweza shuga akamwedwa nthawi yaitali.

Komabe kuonda si chitetezo. Kuno ku Africa madokotala amaona anthu ambiri a shuga amene sananenepepo, ena mwa iwo anakula movutika ndi njala ali ana. Woonda amene akumva zizindikiro asadzikhululukire.

Chingwe cha pakhomo

Sikelo sipezeka nyumba iliyonse, ndipo sinena kumene mafuta akhala. Mafuta oopsa ndi a pamimba. Powayeza, chingwe kapena luzi ndi lokwanira. Munthu aime chilili wopanda nsapato, mnzake ayeze chingwecho kuyambira pachidendene mpaka pamwamba pa mutu n'kudula. Kenako achipinde pakati, n'kuchizunguliza pamimba, chapakati pa nthiti zomaliza ndi mafupa a m'chiuno, munthuyo atatulutsa mpweya koma osabweza mimba. Nsonga zikakumana, zili bwino. Zikalephera kukumana, mimbayo yapitirira theka la msinkhu wake, ndipo ngozi ya shuga yakwera. Amene ali ndi tepi ya telala angagwiritse manambala: bambo asapitirire masentimita 94, mayi asapitirire 80.

Pali chizindikiro chinanso chimene chimaoneka matenda asanafike. Khungu la kumbuyo kwa khosi kapena la m'khwapa limada n'kukhakhala pang'ono, ngati litsiro losachoka. Ana ambiri onenepa akalipiridwapo kuti sasamba, n'kukhulidwa ndi mwala mpaka kutupa, chikhalirecho ndi khungu limene likusonyeza kuti insulini wachuluka m'magazi.

Zizindikiro zimene anthu amazidziwa bwino zimabwera mochedwa. Ludzu losatha, kudzuka kangapo usiku kukataya madzi, nyerere kuunjikana pamene munthu wakodza, kuonda pamene akudya bwino, kufooka, kuona mwachimbuuzi, bala losapola, dzanzi kapena kutentha kumapazi, kuyabwa kumaliseche kobwerezabwereza, ndi kuchepa mphamvu m'nyumba kwa abambo: zikamaoneka zimenezi, kawirikawiri shuga anakwera kalekale. Wodikira nyerere amakhala atataya zaka zabwino zija.

Kukayezetsa ndi kumva manambala

Kuyeza kwake n'kwa kanthawi kochepa: kubaya chala, kadontho ka magazi, nambala yatuluka. Zipatala za maboma ndi zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba ndi Mzuzu zimayeza, ndiponso zipatala zambiri zamishoni ndi zolipira. Pazipatala zazing'ono timapepala toyezera nthawi zina timatha, choncho ndi bwino kufunsa kaye mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo. Pa 14 Novembala, tsiku lokumbukira matenda a shuga padziko lonse, m'malo ena amayeza kwaulere.

Munthu apite m'mawa atatha maola 8 osadya kanthu. Madzi akhoza kumwa, koma tiyi ndi phala ayi. Makina ena amalemba manambala a mahandiredi, ena manambala aang'ono okhala ndi kadontho. Pansi pa 100, kapena 5.6 pa makina enawo, zili bwino. Kuyambira 100 mpaka 125, kapena 5.6 mpaka 6.9, ndi chenjezo: matenda sanafike, koma ali m'njira. Madokotala ena malire a chenjezoli amayambira pa 110. Nambala ikafika 126, kapena 7.0, pa masiku awiri osiyana, amenewo ndi matenda a shuga. Ngati munthu wayezedwa atadya kale, n'kupezeka 200 kapena 11.1 ali ndi zizindikiro zija, nkhani ndi yomweyo.

Ambiri amabwerera kunyumba atangomva kuti "zili bwino" kapena "wakwera pang'ono". Zimenezo sizikwanira. Nambalayo ilembedwe m'buku la kuchipatala pamodzi ndi tsiku lake, kuti chaka chamawa padzakhale poyerekezera. Wa m'gulu la chenjezo ayezetse chaka chilichonse. Amene zili bwino koma ali pachiopsezo asapitirire zaka zitatu.

Kodi kusintha kadyedwe kumathandizadi?

Funsoli linayesedwa pa anthu enieni. Mu 1986, mumzinda wa Da Qing ku China, madokotala anatenga anthu 577 a m'gulu la chenjezo. Ena anawaphunzitsa kadyedwe, ena kulimbitsa thupi, ena zonse ziwiri, ena anangowapatsa malangizo wamba. Patatha zaka 6, magulu ophunzitsidwa aja anali ndi odwala ochepa kuposa gulu linalo. Ofufuza anawatsatirabe kwa zaka 30, ndipo anapeza kuti matenda anachedwa kuwafika ndi zaka pafupifupi zinayi, komanso ochepa ndi amene anadwala mtima kapena kufa ziwalo.

Ku America, kafukufuku wa anthu 3,234 amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002 anayerekeza njira ziwiri. Omwa mapiritsi a metformin ngozi yawo yodwala inatsika ndi 31 peresenti. Amene anauzidwa kuti atsitse thupi ndi 7 peresenti ndi kuyenda mphindi 150 pamlungu, ngozi yawo inatsika ndi 58 peresenti, ndipo kwa okalamba opitirira zaka 60 inatsika koposa pamenepo. Ku Finland chaka cha 2001 anapezanso 58 yemweyo. Kwa munthu wolemera makilogalamu 80, 7 peresenti ndi makilogalamu osakwana 6. Sanafunikire kusanduka wothamanga wa mpikisano.

Nkhani ya nsima

M'nyumba zambiri, akamva za shuga amabisa paketi ya shuga basi, mitanda ya nsima n'kukhala momwemo. Chikhalirecho shuga wochuluka amene amalowa m'magazi a Mmalawi patsiku amachokera m'mbale ya nsima.

Ufa woyera umadutsa njira yaitali: kukonola, kupeta, kuviika mphale, kuyanika, kugayitsa. Gaga ndi mtima wa chimanga zimapita kwa nkhuku ndi nkhumba, anthu n'kutsala ndi choyera chokhachokha, chimene chimagayika msanga m'mimba. Mgaiwa umasunga zonsezo, ndipo munthu amakhuta nawo nthawi yaitali. Vuto la mgaiwa ndi mbiri yake. Anthu amaukumbukira kusukulu yogonera konko ndi m'chaka cha njala, moti mayi wophikira alendo mgaiwa amaopa kunenedwa kuti ndi waulesi kapena wosauka. Manyazi amenewa alibe phindu. Banja limene lauzolowera ufa woyera lingayambe ndi kusakaniza theka ndi theka, kapena kuthirako ufa wa mapira kapena mawere kumene amapezeka.

Pali zinthu ziwiri zoti wogayitsa mgaiwa asamale. Ufawu suchedwa kununkha chifukwa cha mafuta a mu mtima wa chimanga, choncho agayitse wochepa wochepa. Chachiwiri, kukonola kumachotsako chuku chimene chimamera pa chimanga chosauma bwino, ndipo chukucho chimawononga chiwindi. Chimanga cha mgaiwa chikhale chouma gwa, chosankhidwa, chopanda njere zowola kapena zosintha mtundu.

Koma mgaiwa si mankhwala. Mitanda inayi ya mgaiwa imakwezabe shuga, ndipo kondowole, mpunga woyera ndi chipisi cha pachiwaya sizisiyana kwenikweni. Chofunika kwambiri ndi kuchuluka kwake. Chizolowezi cha kuno n'chakuti mbale ya nsima ikhale phiri, ndiwo kambale kakang'ono kongonyowetsera mbamu. Ziyenera kutembenuka. Masamba achuluke kuposa nsima, nyemba kapena nsomba zikhale pambali, ndipo amene amadya mitanda itatu atsikire pa iwiri. Mlimi m'nyengo yolima ndi mlembi wa muofesi sangadye mofanana, ngakhale atakhala pa mphasa imodzi.

Ndiwo zake si zodula. Bonongwe, chisoso, luni, nkhwani, khwanya, kholowa, chigwada, therere ndi mpiru, zina zimangomera zokha m'munda, ndipo mfutso umasunga masamba mpaka chilimwe. Nyemba, nandolo, khobwe, nzama ndi soya zimakhutitsa popanda kukweza shuga msanga. Usipa, matemba, utaka ndi mazira n'zabwino. Kutendera ndi nsinjiro kumaposa kusambitsa ndiwo m'mafuta. Mchere uchepe, osapitirira supuni ya tiyi imodzi pa munthu patsiku, chifukwa shuga ndi BP zimakonda kuyendera limodzi.

M'mawa, mbatata yophika, dzungu, chimanga chachiwisi kapena phala la mgaiwa lothira nsinjiro zimaposa mandasi ndi masikono.

Zakumwa

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati shuga wochita kuthira asapitirire masupuni a tiyi 12 patsiku kwa munthu wamkulu, ndipo kutsikira pa 6 n'kwabwino koposa. Kapu ya tiyi ya masupuni atatu m'mawa ndi ina madzulo, 6 uja wakwana kale. Zakumwa zambiri zoziziritsa kukhosi zimakhala ndi magalamu pafupifupi 10 a shuga pa mamililita 100 aliwonse, kutanthauza masupuni 7 kapena 8 m'kabotolo ka mamililita 300. Onjezanipo thobwa lotsekemera la paukwati, maheu a m'sitolo, sikwashi wa ana ndi mafilizesi a pageti ya sukulu.

Shuga wa m'madzi amathamangira m'magazi ndipo sakhutitsa, n'chifukwa chake kuyambira pa zakumwa n'kosavuta kuposa kuyambira pa nsima. Lilime limazolowera: wochotsa theka la supuni mlungu uliwonse, pakatha miyezi iwiri tiyi wakale uja amamukola.

Uchi ndi shuga. Shuga wabulauni ndi shuga. Madzi a nzimbe ndi shuga. Vitamini A amene amathiridwa mu shuga wa m'masitolo a ku Malawi si chifukwa chowonjezerera supuni. Vitamini yemweyo ali m'maungu, m'mapapaya, m'mango ndi mu mbatata yofiira m'kati. Zipatso zidyedwe zathunthu m'malo mofinya madzi ake. Magwafa, masuku, masau ndi malalanje n'zabwino, ndipo mango nawonso, kungoti m'nyengo yake ana ndi akulu omwe amatha beseni pa nthawi imodzi. Awiri akwana.

Mowa umakulitsa mimba, ndipo kachasu amawononga kapamba weniweniyo. Fodya amawonjezera ngozi ya shuga, n'kumalizitsanso mitsempha ya kumapazi.

Miyendo igwire ntchito

Minofu ikamagwira ntchito imakoka shuga m'magazi ngakhale insulini ali wochepa. Muyezo wake ndi mphindi 30 patsiku, masiku asanu pamlungu, kuyenda kwa ndawala koti munthu apume mofulumira koma n'kumathabe kulankhula. Kuzigawa mphindi 10 katatu kumathandizanso. Kuyenda pang'ono munthu akangotha kudya kumachepetsa kukwera kwa shuga, kusiyana ndi kugwera pampando kapena pamphasa.

Kale zimenezi zinkachitika zokha: mtondo, chitsime, nkhuni, ulendo wa kumsika. Lero chigayo chili pafupi, ndipo kabaza wanjinga yamoto amamutula munthu pakhomo penipeni. Palibe amene akufuna kubwerera ku mtondo. Koma kutsika minibasi siteji imodzi isanakwane, kupita kutchalitchi kapena kumzikiti wapansi, kulima kadimba kuseri kwa nyumba, kupalasa njinga, ntchemberembaye ya amayi madzulo, ngakhale chitelera ndi chimtali, zonsezi zimawerengedwa. Alimi nawonso asamale miyezi ya pambuyo pokolola, pamene chakudya chachuluka, ntchito yachepa, mowa wa masese uli mudzi uliwonse.

Chopinga chachikulu pano ndi pakamwa pa anthu. Mayi akanenepa amati ukwati wamuyanja, bambo wa mimba amatchedwa bwana. Wina akatsika makilogalamu asanu, miseche yayamba kuti akudwala, ndipo apongozi amafunsa ngati pakhomo pali njala. Munthu mmodzi payekha sangalimbane nazo. Zimayenda bwino banja lonse likagwirizana, mphika n'kukhala umodzi, m'malo mophikira mmodzi kamphika kakekake ngati wodwala. Ana nawonso amapindula, popeza magazi a makolo ndi awo omwe.

Za zitsamba

Pamsika, m'minibasi ndi pa WhatsApp simusowa wogulitsa mankhwala "otsuka shuga": nimu, aloe vera, ufa wa chammwamba, madzi oviikamo therere, mabotolo osalembedwa za m'kati mwake. Anthu amaganiza kuti chowawa chimapha chotsekemera. M'thupi sizitero. Palibe chitsamba chimene chatsimikizika kuti chimachiza matenda a shuga. Masamba a chammwamba ndi ndiwo yabwino, therere ndi ndiwo yabwino, ndipo malo ake ndi mumphika.

Ngozi yake ili pawiri. Wina amasiya metformin kapena insulini chifukwa wapeza botolo, n'kudzabwerera kuchipatala phazi litawola kapena maso atachita khungu. Wina amaphatikiza zitsamba ndi mapiritsi osauza dokotala, pamene zitsamba zina zimalemetsa impso ndi chiwindi zimene shuga wazifooketsa kale. Amene akumwa chilichonse cha mtunduwu anene poyera kuchipatala. Wopatsidwa mapiritsi sanalephere kanthu: kadyedwe ndi kuyenda zimagwira ntchito pamodzi ndi mankhwalawo, ndipo ndi dokotala yekha amene angawachepetse akaona manambala atsika.

Zosadikira mawa

Wopezeka kale ndi shuga aziyang'ana mapazi ake tsiku lililonse, pansi ndi pakati pa zala, asayende wopanda nsapato, ndipo asawothe moto moyandikitsa mapazi a dzanzi. Bala la kuphazi limene latupa, lasintha mtundu kapena likununkha lipite kuchipatala tsiku lomwelo. Womwa mapiritsi monga glibenclamide kapena wobaya insulini akayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kusokonezeka, shuga wake watsikitsa: amwe msanga madzi othira masupuni atatu a shuga, kenako adye. Ngati wakomoka, asamuthire kanthu m'kamwa, athamangire naye kuchipatala.

Mwana amene wayamba kumwa madzi kosalekeza, kukodza pogona pamene anali atasiya, ndi kuonda m'milungu yochepa, ayezedwe shuga tsiku lomwelo. Akayamba kusanza, kumva m'mimba, kupuma mozama ndi kuwodzera, makolo anene okha kwa adokotala kuti amuyeze shuga pamodzi ndi malungo, chifukwa zizindikirozi zimafanana ndipo mwana wotere akhoza kukomoka m'maola ochepa.